Foloko ya Njinga ya Malemu Gibson

Tasendezani benchilo kuno, nkhani iyi si yofuula nayo. Ine Chrispine ndakalambira pa ntchito yokonza njinga pano pa Kandeu. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma njinga ikalira ndimadziwa pamene pakuipweteka. Imodzi yokha ndiyo inandikanika.

Inali ya malemu Gibson, njinga yofiira ya mtundu wa mauntini, ija ya mashoko ochepetsa mabampu kutsogolo. Gibson atamwalira, mkazi wake Tisunge anaimangirira kaliyala n'kumanyamulira mbatata kumsika. Ana ankadyera pa njinga imeneyo. Koma a Maynard, mkulu wake wa Gibson, ankaifuna. Foloko, chitsulo chija chimagwira tayala lakutsogolo, itayamba kugogoda, anapeza ponenera. Ankauza aliyense kuti akugogodayo ndi mwini wake, akufuna njinga ibwerere kwa abale ake. Tsiku lina akuluakulu a pabanjapo anamvana kuti mawa lake akhale pansi, njinga ichoke.

Madzulo amenewo Tisunge anandipeza ndikulongedza masipanala. Munali mu Juni, chifunga chitatsika kale kumapiri.

"A Chrispine, musatseke. Ndipezereni chikugogodachi. Mawa ndikawaonetse alamu anga m'manja, aone okha kuti ndi chitsulo."

Tinalowa m'kashedi kanga. Ndinatseka chitseko cha malata chifukwa cha mphepo, iye n'kumandiunikira ndi foni.

Foloko ikamagwedera suyamba ndi kumasula ayi. Umagwira buleki yakutsogolo, n'kumakankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinatero.

Go. Go.

Ndinaika chala pakhosi, paja foloko imalowa mu felemu. Mabolo, timipira tachitsulo ta m'katimo, akatha, kapena nati ikamasuka, chala chimamva. Sichinamve kanthu. Ndinakhotetsa handulo, tayala n'kuyang'ana kumbali, kuti buleki isandinamize. Go. Go. Ndinagwira miyendo ya mashoko, paja chitsulo chonyezimira chimalowa n'kutuluka. Yolimba ngati yatsopano. Tayala nalo lomanga bwinobwino.

"Mwapeza?"

"Dekhani, mayi. Ngakhale kuchipatala amayamba apima."

Njingayo ndinaitsamiritsa kukhoma kuti ndipukute girisi m'manja. Panalibe amene ankaikhudza.

Go. Go.

Tisunge analozetsa kuwala kwa foni pa foloko. Paja mukudziwa kwathu kuno, chogogoda mumdima osanena odi sitichiyankha. Ndinamutsinzinira diso kuti akhale chete. Koma Tisunge si munthu womutsinzinira.

Anaima kutsogolo kwa njinga, dzanja m'chiuno.

"Munthu amati odi. Ngati ndinu bambo a ana anga, kodi ulemu munauiwala kumanda? Ngati ndinu wina, tchulani dzina."

Kugogoda kunaleka. Agalu akumsika nawo anangoti zii.

Kenaka panja, pachitseko penipeni:

"Odi."

Mawuwo ndinawadziwa. Gibson ankalankhula ngati munthu wa chimfine chosatha, ndipo odi wake ankamukoka kumapeto. Anali yemweyo, abale anga.

Tsono msampha unali pamenepa. Odi ali ndi yankho lake, ndipo limatuluka lokha munthu usanaganize. Lilime langa linali litayamba kale kuti "Lo..." Tisunge ananditseka pakamwa ndi chikhatho chonunkha dothi la mbatata.

"Odi."

Malata a chitseko anapindikira m'kati pang'ono, ngati wina watsamira.

"Simulowa," anatero Tisunge. "Gibson wanga akanakhala ndi mawu, bwenzi atabwera kunyumba kumene kuli ana ake, osati kudzasautsa eni shedi. Ndipo Gibson sankalanda chakudya kukamwa kwa mwana. Mawu mwabwereka, koma khalidwe lakukanikani. Njingayi sipita kulikonse. Mukawauze amene akutumani."

Anagwira mahandulo n'kukankha chitseko ndi tayala lakutsogolo. Ndinayesa kumukoka chitenje, anandipulumuka.

Panja panalibe munthu. Chifunga chokha, ndi fungo ngati la dothi longokumba kumene.

Anakwera. Ndinamva foloko ikugogoda mpaka kuseri kwa chigayo, iye akupalasa mwachifatse ngati akupita kutchalitchi. Ine, sindibisa, mwendo panja sindinatulutse. Ndinagona m'shedi momwemo, sipanala yaikulu ili pachifuwa.

Kutacha, amayi opita kumjigo anapeza a Maynard kuseri kwa shedi yanga. Anali atakhala pansi, opanda nsapato, thupi lonse mame okhaokha. Zala za dzanja lamanja zinali zitatupa, khungu litasupuka m'mfundo monse, ngati munthu amene wachezera kugogoda pachitsulo. Atawafunsa, anangoti amafunafuna mbuzi yawo. A Maynard saweta mbuzi. Mawu nawo anali atasasa, ndipo sanabwerere mpaka mvula yoyamba.

Za njinga akuluakulu aja sanakhalirenso pansi. Palibe amene anafuna kuyamba.

Ena amanong'onezana kuti a Maynard anadutsa pa Lizulu n'kulowa ku Mozambiki kukagula mawu a mng'ono wawo kwa sing'anga. Ena amati ayi, amene anati odi anali Gibson weniweni, ndipo ndiye anawakhazika achimwene ake pamame. Ine ndinali m'kati, sindinaone. Chomwe ndikudziwa n'chakuti foloko ija ndinadzaimasula masana dzuwa likuswa mtengo, chitsulo ndi chitsulo, akabaza atandizungulira. Chogwedera sindinachipeze.

Tisunge akuikwerabe mpaka lero, matumba a mbatata kumbuyo. Ikagogoda pamtsetse amangoti, "Ndamva," n'kumapita.

Mukafika kwanu mukaisimbeko nkhaniyi, chonde, makamaka kwa aja amafulumira kunena kuti lowani.