Munda wa m'foni ndi khofi wa Dailesi

Ndiyambe ndi ndagi, ana inu. Munda wanga ndimakolola m'mawa, masana ndi madzulo, koma m'nkhokwe mwanga mbewa zimagona ndi njala. N'chiyani? Lisungeni, yankho tilipeza kutsogoloku.

Ku Misuku kunali banja lokoma la a Safeli ndi akazi awo a Agnes, anthu opemphera, alimi a khofi. Bambowa anali ndi mwambo wawo. Mwana akabadwa ankamubzalira mizere yakeyake ya khofi. "Sukulu yako ndi imeneyi," ankatero. Dailesi, mwana wawo wotsiriza, anali ndi mizere isanu ndi umodzi, ndipo m'kalasi samapitidwa.

Chaka cha korona sukulu zitatsekedwa, a Safeli anagula foni ya tachi kwa wamalonda wochokera ku Isongole, kutsidya kwa malire, kuti mwana aziwerengerapo. Koma foni imafuna kutchaja, ndipo mwini sola pamsika anali Jackson, msuweni wake wa Dailesi.

"Msuweni, foni yabwino chonchi n'kumangowerengerapo ngati m'busa?" anatero Jackson. "Bwera ndikuikire gemu ya kamunda. Ubzala, uthirira, ukolola, manja osada. Kwaulere."

Gemuyo inali ndi msampha wake. Ukachedwa kuthirira, foni imalira, mbewu zikufota. Sukulu zinatsegulidwa, masiki anatayidwa, zaka zitatu zinadutsa, koma foni m'manja mwa Dailesi sinachoke.

"Iwe Dailesi, ndakuitana katatu," anatero mayi ake tsiku lina.

"Ndikubwera amama, ndingomaliza kuthirira."

"Ukuthirira ndi chiyani, ndowa ili gwa apa? Khosi lakolo lidzawongokanso?"

A Safeli analanda foni n'kuibisa m'sutikesi. Dailesi anaitulutsa iwo ali kumunda. Atapita kukatchaja, Jackson anapukusa mutu.

"Zaulere zinatha ndi korona, msuweni. Bwera ndi kabeseni ka khofi wofiira. Mitengo yonse ija, ndani angadziwe?"

Dailesi anayamba kuthyola m'mizere ya mayi ake. Mayiwo ataona nthambi zopululidwa anamuyang'ana m'maso. "Mbalame ya chaka chino ili ndi zala zisanu. Mwana wanga, leka. Mulungu akuona." Iye anakana kwamtuwagalu.

Mayeso a Sitandade 8 anakhoza mopulumukira, nasankhidwa kusekondale yogonera komweko ya ku Boma. Tsopano zonse zinatsamira pa mizere isanu ndi umodzi ija. Khofi wake anathyoledwa, anasendedwa, anatsukidwa, nayanikidwa pathandala kuseri kwa nyumba. Asanaume, kunabwera uthenga wa maliro ku Kaseye, ndipo makolo onse ananyamuka.

"Tamvetsera bwino," anatero a Safeli akumanga katundu panjinga. "Uzimutembenuza ndi manja. Ukaona chifunga chikutsika kuphiri la Mughese, funda ndi pulasitiki. Akanyowa usamuike m'thumba, muyanikenso. Uyu ndi yunifolomu yako, uyu ndi matiresi ako."

"Ndamva, adada."

Masana ake Dailesi anati alowe m'nyumba pang'ono chabe, akolole tomato wa m'foni. Anatseka makutu ndi timawaya tomvera foni. Chifunga chinatsika, mvula yamawawa inayamba, ija yosachita phokoso padenga. Iye anakolola tomato, anabzala kabichi, anagula ng'ombe ziwiri. Anadzutsa mutu foni itazima. Kunja khofi anali atanyowa chonyowa, madzi akudontha pansi pa thandala.

Akanamusiya pomwepo n'kumuyanikanso dzuwa litatuluka, akanapulumuka. Koma Dailesi anaopa kuti anthu odutsa aona ndipo akauza adada. Anamuwolera m'matumba ali chinyowere, anamanga zolimba, nawaunjika pakona.

Makolo anabwera tsiku lachinayi.

"Khofi wauma, adada. Ndasunga kale."

"Yewo, mwana wanga. Wauma msanga chaka chino."

A Safeli anamasula thumba limodzi n'kulowetsa dzanja. M'katimo munali motentha ngati pamene yachoka nkhuku yofungatira. Fungo lowawasa linadzaza nyumba, ndipo dzanja linatuluka ndi chuku. Anamasula lachiwiri, lachitatu, chimodzimodzi. Sanakalipe. Anangokhala pansi.

"Uyu palibe angamugule. Mvula sindikuida, imagwa chaka chilichonse. Wamupha ndi bodza lako."

Dailesi anathamangira kumsika akulira. "Jackson, gemu yako yandiwonongera sukulu."

"Ine ndinakuuza kuti usiye khofi pamvula?" anatero Jackson, maso ali pa foni yake. "Pole, pepa msuweni. Utchaja kapena ayi?"

Pamenepo m'pamene maso ake anatseguka. Anabwerera, nagwada pamaso pa makolo ake, naulula zonse, ndi za khofi wa mayi ake yemwe. Kenako anaika foni m'manja mwa a Agnes.

"Amama, ikhale kwa inu. Ndikaipempha, ngakhale ndilire, mundikanize."

"Ndikukaniza ndithu," anatero mayiwo. "Takukhululukira. Koma khofi sabereka kawiri pachaka."

Sukulu zitatsegulidwa, anzake anakwera njinga zamoto ndi masutikesi awo kupita ku Boma. Dailesi anawaona ali m'mizere yake, khasu m'manja. Malo ake anatenga wina. Iye anabwereza Sitandade 8, kukhala m'kalasi limodzi ndi ana amene ankawaseka kale. Zala zinkamuyabwa, nthawi zina ankamva ngati foni ikulira m'sutikesi. Kawiri konse anaipempha, kawiri konse anakanizidwa. Kachitatu anafika pakhomo la mayi ake, naima, nabwerera yekha kukatenga ndowa. Mizere ija anaithira manyowa, anaitengulira, ndipo chifunga chikangoonekera ku Mughese, woyamba kudzuka anali iye.

Ndagi lija mwalipeza? Ndi munda wa m'foni. Dailesi anaulima zaka zitatu osalawako ngakhale tomato mmodzi, ndipo unamudyera chaka chathunthu cha sukulu. Ana inu, foni ikayamba kukuitanani mokweza kuposa mayi anu, iperekeni lero lomwe. Ndipo mukalakwa, ululani khofi akadali pathandala, musanamumange m'thumba.