Timadontho Tosachoka ndi Sopo

Gulugufe ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna cholembera chake chofiira.

Cholemberacho chinali pamwamba pa kabati. Amayi ndi amene anachiika pamenepo. Paja Gulugufe anali atajambula maluwa pakhoma. Anajambulanso mphaka pachitseko. Kenako anajambula timadontho pamimba pa mlongo wake wamng'ono. Ha, mwana ameneyu!

"Ukadzamulembanso mwanayu, cholembera udzachiiwale," anatero amayi.

Mlongo wakeyo ankamutchula kuti Kamimba. Ankadya chilichonse. Ngakhale batani, mukamulekerera, ankaliponya m'kamwa.

Tsiku lina Kamimba anadzuka thupi lili juu. Amayi anamugwira pamphumi.

"Mayo ine, mwana watentha thupi!"

Anamumwetsa mankhwala. Patapita kanthawi, thupi linazizirako. Amayi anapumira m'mwamba.

"Kachimfine chabe aka," anatero.

Amayi anali telala. Malaya osoka anali mulu patebulo. Anakhala pamakina awo.

"Gulugufe, umuyang'anire mlongo wako. Akadzuka umupatse madzi."

Makina anayamba kulira. Tchekete, tchekete, tchekete.

Gulugufe anabweretsa madzi. Kamimba anakana. Anabweretsa nthochi. Kamimba anakananso. Kamimba kukana nthochi? Zimenezi zinali zisanachitikepo.

"Kamimba, dzuka tisewere."

Kamimba anatsegula maso pang'ono. Anawatsekanso.

Gulugufe anamugirigisha kuphazi. Kamimba sanaseke. Phazi lake linali lozizira. Ndipo kuphaziko kunali timadontho. Timadontho tofiirira, ngati ta cholembera.

Gulugufe anayang'ana pakabati. Cholembera chinali pomwepo. Iye sanachikhudze n'komwe. Koma ndani akanamukhulupirira?

"Amayi ati ndine," ananong'ona.

Anatenga kansalu ndi sopo. Anapukuta. Timadontho sitinachoke. Anapukutanso. Timadontho sitinachoke. Anapukuta mpaka dzanja linatopa. Timadontho tinali pomwepo.

Ndiye anatenga masokosi. Anamuveka Kamimba phazi ili. Anamuvekanso phazi ilo. Kalanga ine, Gulugufe sankadziwa chimene ankabisa.

"Ali bwanji mlongo wako?" amayi anafunsa osatembenuka.

"Wagona, amayi."

"Msiye agone. Tulo ndi mankhwala."

Tchekete, tchekete, tchekete.

Gulugufe sanasewere. Anakhala pambali pa bedi. Ankachita mantha kwambiri.

Masana anasuzumiranso. Mayo! Timadontho tinali titachuluka. Tinali m'miyendo. Tinali m'manja. Masokosi sakanatha kutibisa tonse. Thupi la Kamimba linali litatenthanso. Ankapuma mofulumira.

Gulugufe anathamangira kwa amayi, misozi ili chuchuchu.

"Amayi, si ine! Sindinamulembe ine!"

Makina anaima.

Amayi ananyamula Kamimba. Khosi lake linali gwa. Mwanayo analira kamawu kakang'ono, kofooka. Amayi sanakalipe. Anasiya malaya ali pansi pa singano. Anatuluka chitseko chili chosatseka.

Aneba anali kutsuka galimoto yawo. Anangoona nkhope ya amayi, n'kutaya chidebe.

"Kwerani, mayi. Iwenso kwera, mwanawe."

Kuchipatala mzere unali wautali. Ana ambiri anali otentha thupi. Ena ankalira. Ena ankayamwa. Kamimba yekha anali zii.

Anamwino anaima pafupi ndi iwo.

"Mayi, mwanayu akumwa madzi?"

"Ayi."

"Mukamudzutsa akudzuka?"

"Movutikira."

Anamwino anamuvula sokosi limodzi. Anatenga tambula yopanda kanthu. Anaikanikiza patimadontho. Anayang'ana kudzera m'galasimo. Gulugufe nayenso anayang'ana. Timadontho tinkaonekabe.

"Timadontho tambiri timazimirira tikatikanikiza," anatero anamwino. "Iti sitikuzimirira. Mwanayu asadikire pamzere. Tiyeni!"

Adokotala anabwera mothamanga. Anamubaya Kamimba jakisoni. Anamuika diripi padzanja. Kamimba sanalire n'komwe. Amene analira anali amayi.

"Nthawi zambiri kutentha thupi kumatha bwinobwino," anatero adokotala. "Koma uku n'kwina. Tizilombo totchedwa mabakiteriya talowa m'magazi mwake. Timadonthoti tayamba liti?"

"Ndatiwona pompano," anatero amayi.

Gulugufe anayang'ana pansi.

"Tayamba m'mawa," anatero. "Ndinatibisa ndi masokosi."



Gulugufe anathawira m'khonde. Anakhala pansi, mutu uli pamaondo. Ankafuna nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Amayi anamutsatira. Anagwada patsogolo pake.

"Mwanangu, tandiyang'ana."

Gulugufe anapukusa mutu.

"Matendawa sunabweretse ndiwe. Wamva? Inenso ndinalakwitsa. Thupi litazizira, ndinayesa wachira. Ndinayang'ana kutentha kokha. Mwanayo sindinamuyang'ane."

"Ndinkaopa kuti mundikalipira."

"Ndikudziwa. Koma unabwera. Unandiuza ndiwe."

Anamwino anadutsa ndi thireyi ya mankhwala. Anaima pang'ono.

"Tamvera, chemwali wa Kamimba. Mwana akakana kumwa, nena. Akamangogona osadzuka, nena. Ukaona timadontho, nena. Ngakhale ukuopa, nena."

Gulugufe anagwedeza mutu.

Madzulo bambo anabwera kuchokera kuntchito. Anamutenga Gulugufe kupita naye kunyumba. Amayi anatsala kuchipatala.

Masiku anali aatali. Nyumba inali zii. Makina anaphimbidwa ndi nsalu. Kambale ka Kamimba kanali kovundikira. Bambo ankaphika, koma palibe amene ankamva njala.

Tsiku lililonse Gulugufe ankafunsa, "Ababa, wadzuka?"

Tsiku lililonse bambo ankayankha, "Sanadzuke, mwanangu."

Gulugufe ankapinda timalaya ta Kamimba. Ankatipindula. Ankatipindanso.

Kenako tsiku lina foni ya bambo inalira. Bambo anamvetsera. Anakhala pansi. Anaphimba nkhope ndi dzanja.

"Ababa?"

"Wadzuka," anatero bambo. "Wadzuka, ndipo wamwa madzi!"

Kamimba anabwerera kunyumba ataonda. Kamimba kake kanali kataphwa. Amayi anamukhazika patebulo, pakampando kake.

Gulugufe anaima kumanja kwake.

"Kamimba," anaitana pang'onopang'ono.

Kamimba sanatembenuke.

"Kamimba!"

Sanatembenukebe.

"Wandikwiyira, amayi," anatero Gulugufe. Misozi inalengeza m'maso.

"Ayi, mwanangu, sanakukwiyire," anatero amayi. "Matenda aja amupweteka khutu lakumanja. Silikumva bwino. Adokotala azimuonabe."

Gulugufe analira. Amayi analira. Bambo anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Zinali zowawa, ndipo palibe amene ananamizira kuti sizikuwawa.

Kenako bambo anadzuka pampando wawo. Mpandowo unali kumanzere kwa Kamimba. Anaukokera Gulugufe.

"Khala apa," anatero. "Kuyambira lero malo ano ndi ako."

Gulugufe anakhala. Anayandikiza pakamwa pake kukhutu lakumanzere.

"Kamimba," ananong'ona. "Ndinakusowa."

Kamimba anatembenuka. Anamugwira tsaya ndi kadzanja kake kofunda.

"Gugu," anatero. Anapendeketsa mutu, n'kumutchera khutu lija. "Nenanso."