Ndakatulo Yopotokola Dzanja

Kamvuluvulu anafika Lolemba masana, Talandira atangoyala mapepala ake patebulo la pakhonde. Anayambira kumsika wa Madisi, n'kudutsa pa ogulitsa tomato, n'kukhotera kukanyumba ka a Abrahamu ngati wachita kutumidwa. Pamene Talandira ankatsegula maso atawatseka chifukwa cha fumbi, mapepala onse anali m'mwamba.

"Mayo ine, ndakatulo zanga!"

Anathamanga uku ndi uku, siketi ili petupetu. Pepala lina linagwera m'beseni la usipa. Lina linakakamira pa masipoko a njinga ya kabaza. Lachitatu analilanda kukamwa kwa mbuzi, ngodya imodzi itapita kale.

A Abrahamu anatuluka akupukuta magalasi. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo m'kanyumba kawoko anali ndi kompyuta yakale, makina a fotokope ndi sitepula yaikulu. Tchuthi chachikulu chilichonse ankasankha wophunzira mmodzi wodziwa kulemba, n'kumusindikizira kabuku. Chaka chimenecho mwayi unagwera Talandira wa Folomu 3, ndipo kabuku kake kanali ndi mutu wakuti Mphepo ya ku Dowa.

"Watola onse?" anafunsa motero a Abrahamu. "Patebulopo panalinso mapepala a mayi Debora. Onse ndinatayipa pakompyuta yomweyi, ndiye akufanana. Uwasiyanitse bwino."

"Ndasiyanitsa kale, aphunzitsi," anayankha Talandira. Anali atangoyang'ana pamwamba ndi pansi, n'kugawa milu iwiri.

Mayi Debora anali namwino amene anaphunzira karate ali kutauni. Pa tchuthi ankaphunzitsa anyamata ndi atsikana njira zodzitetezera, pabwalo la kuseri kwa tchalitchi. Mmodzi mwa ophunzira awo anali Yoswa, mlongo wake wamng'ono wa Talandira, wa Folomu 1. Yoswa ankawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, milomo ikugwedera. Tsamba limodzi linkamutengera nthawi yoti munthu n'kukazinga chimanga n'kuchimaliza kudya. Talandira sankalephera kumukumbutsa zimenezi.

Lachiwiri a Abrahamu anasindikiza kabuku kamodzi kokha, n'kumupatsa Talandira.

"Aka n'kongoyesera. Upite nako kunyumba, ukawerenge tsamba lililonse, mzere uliwonse. Maso angawa anatha ndi choko. Ukapeza cholakwika, ulembe ndi pensulo. Ukanena kuti zili bwino, ndisindikiza makumi asanu ndi limodzi."

Talandira anakalandira ndi manja awiri. Pachikuto panali chithunzi chake, atagwira cholembera pachibwano, akuyang'ana kutali. Anachiyang'ana njira yonse yopita kwawo, mpaka anapunthwa kawiri.

Kunyumba sanakhale pansi. Anakaonetsa kabukuko kwa azakhali ake, kwa mayi wa pachigayo, ndi kwa mnzake Priscilla amene ankachapa pamjigo. Anatumiza chithunzi cha chikutocho pafoni kwa asuweni ake a ku Kasakula ndi ku Nachisaka. Pobwerera dzuwa linali litapendeka, ndipo anapeza Yoswa ali pabwalo, wopanda nsapato, akumenya mateche thumba la mankhusu lomwe analipachika pamtengo wa mango.

"Achemwali, ndingaone nawo?"

"Uone chithunzi chokha. Zam'katimo ukayamba lero udzamaliza uli ndi imvi."

"Nanga inuyo mwawerenga?"

"Ndiwerengerenji? Ndinalemba ndine. Zonse zili muno." Anagogoda pamphumi ndi chala. "Wolemba sawerenga zolemba zake ngati mwana wa Sitandade 2. Iwe zingomenya thumba lakolo."

Lachitatu m'mawa anabweza kabukuko kalibe ndi kadontho komwe ka pensulo.

"Palibe cholakwika ngakhale chimodzi?" anadabwa a Abrahamu. "Chiyambire ntchitoyi sindinaonepo zotere."

"Palibe, aphunzitsi."

Makina analira tsiku lonse la Lachinayi. Lachisanu Yoswa anatumidwa kukatenga timabuku ta mayi Debora, ndipo anafika kunyumba nkhope ili yachilendo, kamodzi kali m'manja. Anapeza mlongo wake ataima kutsogolo kwa galasi, akuyeserera kaweramidwe kolandirira m'manja.

"Achemwali, pali nkhani. M'kabuku kathu ka karate muli tsamba lina..."

"Yoswa, mawa ndi tsiku langa. Za zibakera zakozo ukauze anzako."

"Komatu tsambalo likunena za khasu ndi fodya."

"Ndiye ukalime. Tuluka, ukunditchinga kuwala."

Yoswa anatuluka. Anakakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe, n'kuika chala pa mzere woyamba. Anawerenga tsambalo, n'kuliwerenganso, mpaka nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Kenako anathamangira kwa a Abrahamu, koma anapeza loko pachitseko. Mkuluyo anali atapita ku Mponela kukagula mapepala. Loweruka m'mawa anayesanso kulankhula ndi mlongo wake, koma Talandira anali pakati pa miyendo ya Priscilla akulukidwa tsitsi, ndipo anangomuopseza ndi chipeso.

Mwambo wokhazikitsa bukulo unachitikira m'holo ya tchalitchi. Anthu anadzaza. Kunabwera aphunzitsi, ophunzira, amayi a Chigwirizano, ngakhale gulu la karate lomwe linakhala kumbuyo pamodzi ndi mayi Debora. Kutsogolo kwenikweni kunakhala amayi ake a Talandira, atavala chitenje chatsopano ndi duku lofanana nacho. Iwo ndiwo analera ana awiriwa okha, ndi munda wa chimanga ndi kandime ka fodya.

Mlendo wolemekezeka anali a Benjamini, mkulu wa mpingo wodziwika ndi mawu aakulu. Iwo akamawerenga ngakhale zolengeza za tsiku losesa kumanda, amayi ena ankapukuta misozi. Atayamikira a Abrahamu ndi makina awo, anatsegula kabuku.

"Ndasankha ndakatulo imodzi," anatero. "Mutu wake ndi Kwa Amayi Anga. Mayi, imeneyi ndi yanu."

Amayi ake a Talandira anakonza duku, n'kupinda manja pamiyendo. Talandira, ali pampando wapamwamba pafupi ndi mlendoyo, anaweramitsa mutu modzichepetsa monga anayeserera pagalasi.

A Benjamini anayamba:

"Amayi anga, nsana wanu unapindika
kuti wanga uwongoke.
Munadzuka mame asanagwe,
munagona mbale zitauma.
Amayi, tsiku limene mudzatambasule
dzanja lanu kwa ine,"

Ananyowetsa chala ndi malovu, n'kutembenuza tsamba. Anakweza mawu.

"Ndidzaligwira dzanjalo mwamphamvu.
Ndidzalipotokola."

Wina kumbuyo anatsokomola. Talandira anadzutsa mutu.

"Ndidzaponda chala chachikulu cha kuphazi.
Ndidzamenya ndi chigongono m'mimba."

"Iii!" anatero mayi wina wa Chigwirizano, atagwira pakamwa.

A Benjamini anali munthu amene akayamba chinthu samasiyira panjira. Thukuta linali litayamba kutuluka pamphumi, koma anakweza dzanja limodzi m'mwamba n'kumaliza ndi mawu onjenjemera:

"Ndidzakuwa mokweza kuti, Ndisiye!
Kenako ndidzathawira kumene kuli anthu."

Apa ana a karate, amene sabata yonse ankaloweza mawu amenewa pobwereza pamodzi, analephera kudzigwira. Onse anakuwa nthawi imodzi monga anazolowera pabwalo: "Haa!"

M'holo munagwa bata. Amayi ake a Talandira anayang'ana dzanja lawo lamanja, kenako chala chawo chakuphazi, kenako mwana wawo.

"Talandira," anatero mofatsa, koma aliyense anamva, "ndinakulakwira chiyani, mwana wanga?"

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Priscilla anagwera pamapewa a mnzake. Mayi Debora anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. A Abrahamu anatsegula kabuku kawo, n'kuvula magalasi, n'kuwavalanso.

"Pasokonekera tsamba," anatero a Abrahamu ataimirira. "Pepani nonse. Koma mwini ndakatulo ali pompano. Talandira, tiuze mmene imathera."

Talandira anaimirira. Anatsegula pakamwa. "Ndidza... ndidza..." M'mutu munalibe china koma chigongono ndi chala chakuphazi. Ndakatuloyo anailemba miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, ndipo chiilembereni anali asanaibwererenso. Anayang'ana kudenga, malata sanamuuze kanthu. Misozi inayamba kulengeza.

Kumbuyo benchi inalira. Yoswa anali ataimirira, miyendo atatangadza, manja atakunga zibakera m'chiuno, chifukwa ndi mmene anaphunzirira kuima akamalankhula pagulu. Analibe pepala lililonse. Mawu anatuluka okweza, odukaduka, ngati akuwerengera mateche:

"Ndidzalisisita dzanjalo!
Dzanja la zipsera za khasu!
Dzanja lakuda ndi utomoni wa fodya!"

Anthu ena anayambanso kuseka. Koma Yoswa atafika pakati, mawu ake anatsika okha, zibakera zija n'kumasuka.

"Ndidzaika m'menemo zonse ndakolola,
ndipo ndidzati, pumulani tsopano, amayi.
Mtolo watsalawu ndisenza ndine."

Palibe anasekanso. Amayi aja anakoka nsonga ya chitenje chatsopano chija n'kupukutira m'maso. A Benjamini anatulutsa kansalu m'thumba n'kumina mwamphamvu. Ndiye m'manja munayamba kuwombedwa, nthungululu zikumveka kuchokera kwa amayi a Chigwirizano.

Anthu atabalalika, Talandira anapeza mlongo wake panja akumanga chingwe cha nsapato. Anamuyandikira.

"Unailoweza liti?"

"Dzulo. Tsamba lanu linali m'kabuku kathu, pakati pa kugwa bwino ndi kutchinga chibakera. Ndinaliwerenga kambirimbiri kuti ndimvetse kuti khasu likubwera pati pa karate." Anakanda m'mutu. "Kenako ndinangoona kuti ndi yokoma."

"Ndipo unabwera kudzandiuza."

"Kawiri."

Talandira anayang'ana pansi. "Pepa, Yoswa."

A Abrahamu anatulukira atanyamula katoni ya mabuku onse, omwe anawatolera pakhomo anthu akutuluka. Anaiika pamapazi a Talandira. Sanakalipe.

"Kabuku koyesera kaja unakawerenga?"

"Ayi, aphunzitsi. Ndinangoyang'ana chithunzi."

"Chithunzicho chilibe vuto," anatero iwo. "Lolemba ubwere ndi kampeni. Mabuku makumi asanu ndi limodzi, lililonse timapini tiwiri. Ukatha apo, pali timabuku ta mayi Debora."

Sabata yomaliza ya tchuthi inathera pakhonde la a Abrahamu, mwala uli pamwamba pa mulu uliwonse wa mapepala. Talandira ankazula timapini mpaka zala zinatuluka matuza. Asanalole kuti tsamba lililonse libwerere m'makina, ankaliwerenga mokweza, kenako n'kumupatsa Yoswa. Iye ankaika chala pa mzere, milomo n'kuyamba kugwedera, ndipo Talandira ankakhala phee kudikira. Mwa njira imeneyi anapeza zolakwika zina khumi ndi zinayi. Pa ndakatulo ina, pamene Talandira analemba kuti mtima wanga wasweka, panatayipidwa kuti mtima wanga wasekwa. Amene anapeza cholakwika chimenechi ndi Yoswa.

Powerengera mabuku okonzedwa, anapeza kuti limodzi likusowa. Anafufuza m'katoni, pansi pa tebulo, kuseri kwa makina, osalipeza. Madzulo atafika kunyumba anamva kuseka kuchokera kukhitchini. Anasuzumira. Amayi awo anali atakhala pampasa ndi azakhali ndi mayi wa pachigayo, buku lija lili m'manja.

"Amayi, limenelo ndi lolakwika lija!" anatero Talandira. "Bweretsani ndikakonze, ndikupatsani labwino."

Amayi aja analilowetsa msangamsanga m'chitenje, n'kumanga mfundo.

"Labwinolo ukapatse a Benjamini," anatero. "Ili ndi langa. Lachinayi ndikupita nalo ku Chigwirizano, alipo amayi atatu amene sanabwere tsiku lija."