Awiri pa Khumi

Anakumana pa siteshoni ya Manggarai, Loweruka m'mawa, Kinanti ali m'tulo chiimirire. Musamuseke. Munthu amene wagwira ntchito masiku asanu, n'kudzukanso mbandakucha tsiku lachisanu ndi chimodzi kuthamangira sitima yochokera ku Bekasi, amagona paliponse. Anatsamira chipilala podikira sitima yachiwiri, maso anatsekeka okha, buku lalikulu linapulumuka m'manja n'kugwa pansi kuti phii!

"Mbak, achemwali, mwagwetsa tsogolo lanu."

Atatsegula maso anaona mnyamata wa shati yoyera yositidwa bwino, akumwetulira ngati wotsatsa mankhwala otsukira mano.

"Buku lomweli inenso ndili nalo. Mukukayamba MBA lero, eti? Ine ndine Danar. Taonani, Mulungu watiika m'sitima imodzi."

"M'sitimamo mumakhala anthu chikwi, Mas," anayankha Kinanti, pomutchula mwaulemu monga amatchulira amuna kumeneko.

"Koma amene ndamuona ine ndi mmodzi."

Kinanti anaseka, ndipo anadabwa kumva kuseka kwake komwe. Anali ndi zaka 31. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anali pa desiki imodzimodzi pa kampani yotumiza katundu, akuphunzitsa ntchito ana atsopano amene pakatha zaka ziwiri ankasanduka mabwana ake. Chifukwa? Iwo anali ndi pepala la MBA, digiri yapamwamba ya za bizinesi, iye analibe. Ndiye anati basi, Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri alipereka nsembe.

Tsiku loyamba lomwelo mphunzitsi wawo, mayi amene ankamutchula mwaulemu kuti Bu Hartini, analengeza kuti pamapeto pa maphunziro wophunzira mmodzi yekha, wopambana onse, adzatumizidwa ku Singapore kukaphunzira ntchito miyezi isanu ndi umodzi. Lolemba Kinanti anawauza abwana ake. Iwo sanachulutse mawu: "Ukabwera ndi Singapore m'thumba, nthambi ya ku Surabaya ndi yako."

Kusukulu anawagawa m'magulu a anthu anayi. Kinanti anagwera gulu limodzi ndi Ci Melani, mayi wa sitolo ya matayala amene sankapsatira mawu, Bang Togar wa kubanki, amene ngakhale ponong'ona ankamveka kuseri kwa khoma, ndi Danar.

Mauthenga a Danar anayamba sabata yomweyo, atasiya za Mbak n'kuyamba kumutchula mwachikondi kuti Dek.

"Wadya, Dek?"

"Wafika bwino, duwa langa?"

"Ndakusowa kale, pomwe Loweruka lili kutali."

Ndani akanakana? Kunyumba amayi ake ankamufunsa za ukwati m'mawa ndi madzulo ngati mankhwala a kuchipatala. Kuofesi ankamukumbukira akafuna ripoti. Ndiye apa panapezeka munthu womufunsa ngati wadya! Kinanti anagwa m'chikondi ndi miyendo yonse iwiri.

Pakamwa, Danar anali katswiri. Akaimirira kutsogolo kwa kalasi, ngakhale osinza ankadzuka. Koma manambala ankamuzunguza mutu. Tsiku lina akumwa tiyi wa ayezi pa kamalo kodyera kuseri kwa sukulu, anamugwira dzanja Kinanti.

"Dek, mutu umodzi susenza denga. Gawo langa la ntchito ya gulu ya sabata ino landikanika, kuntchito andipanikiza. Ungondiyambira, ine ndimaliza."

"Koma Mas, chikalata cha gulu chimasunga dzina la aliyense amene walembamo. Bu Hartini aona kuti walemba ndine."

"Ndiye ulembe ndi akaunti yanga." Anamukankhira laputopu. "Sintha pasiwedi. Ikamo tsiku lako lobadwa, kuti ndisadzaliiwale mpaka imfa. Ine kwa iwe ndilibe chinsinsi, mtima wanga."

Kinanti analemba manambalawo mtima ukuvina, Danar ali kalikiliki kuitanitsa nthochi zokazinga. Amuna ena amapereka mphete, uyu wapereka pasiwedi! Foni ndi laputopu ya Danar zinaisunga zokha, moti mwini wake sanafunikenso kuilemba.

"Ungondiyambira" uja anakula n'kukhala "ungondimalizira". Kinanti ankalemba m'sitima, laputopu pamaondo akapeza mpando, pafoni akausowa. Ankalemba pa nthawi ya nkhomaliro, supuni ili kudzanja linalo. Akatha gawo la Danar ankapitiriza lake pomwepo, osakumbuka kutuluka mu akaunti ya mnzake. Kutopa kumaiwalitsa. Maso analowa m'kati, masiketi anayamba kukhwepa.

Ci Melani anamupeza akusamba kumaso pa nthawi yopuma.

"Kinan, mwamunayu akukudyera masuku pamutu."

"Ayi Ci, mukumulakwira. Ali ndi ntchito yambiri."

"Nanga iwe ulibe? Ine ndili ndi ana awiri, sitolo ndi apongozi ovuta, koma gawo langa ndimalemba ndekha. Chikomekome cha mkuyu, mwana iwe!"

Kinanti anangopukuta kumaso. Tsiku lake lobadwa litafika, Ci Melani yemweyo ndiye anabweretsa keke m'kalasi. Danar anaimba mokweza kuposa onse, dzanja lili pachifuwa, ndipo madzulo anatumiza uthenga:

"Tikangovala magauni, ndikubwera ndi makolo anga ku Bekasi. Uwauze amayi akonzeke. Ili ndi lonjezo, Dek."

Anauwerenga kasanu ndi kawiri. Mawa lake anakagula nsalu ya batik ya maluwa ofanana, yokwanira anthu awiri, n'kukasiya kwa telala: siketi yake ndi shati ya Danar, zoti adzavale pa tsiku la magauni.

Zaka ziwiri zinapita choncho. Pofika teremu yomaliza, woyamba m'kalasi anali Kinanti, wachiwiri Danar. Kinanti ankaseka yekha akaganiza kuti akupikisana ndi dzanja lake lomwe. Panatsala ntchito imodzi yaikulu ya gulu, ndipo lamulo lake linali lakuti aliyense apatse anzake atatu malikisi mwachinsinsi, pa khumi, malinga ndi mmene agwirira ntchito. Kinanti sanaganize kawiri. Melani khumi, Togar khumi, Danar khumi. Pa dzina la Danar anawonjezerapo kuti, "Ndi wolimbikira kwambiri."

Loweruka lomaliza anadutsira kwa telala kukatenga zovala zija. Atangofika pasukulu, jumbo ili m'manja, anamva kuti Bu Hartini akumufuna.

"Khalani pansi, Mbak Kinanti." Mayiwo anavula magalasi. "Anzanu awiri akupatsani khumi. Mmodzi wakupatsani awiri."

"Awiri, Bu?"

"Awiri pa khumi. Walemba kuti, 'Sagwira ntchito, nthawi zonse amangoti watopa.' Ine sindinakhulupirire, chifukwa mayeso anu ndimawadziwa. Ndiye ndinatsegula mbiri ya chikalata cha gulu lanu." Anamutembenuzira kompyuta. "Masamba makumi asanu ndi limodzi. Dzina lanu lili pa masamba anayi. La Mas Danar lili pa makumi anayi."

Kinanti anayang'ana. Tsamba 14 analilemba ataimirira pakati pa Klender ndi Jatinegara, chigongono cha munthu chili m'nthiti. Tsamba 30 analilemba akudwala chimfine. Onsewo: Danar, Danar, Danar.

"Muli ndi choti mundiuze?" anafunsa Bu Hartini mofatsa. "Koma mukudziwa lamulo. Wolembera mnzake ndi wolemberedwa, onse awiri amachotsedwa sukulu."

Anene chiyani? Aulule, ataye zaka ziwiri, digiri, zonse? Akhale chete, ataye Singapore?

"Ndilibe, Bu."

"Ndiye mukhoza ndithu, koma mwatsikira pa nambala yachitatu. Ku Singapore kupita Mas Danar. Ndamuuza m'mawa uno."

Anatuluka, koma mtima unkakanabe. Mwina ndi Ci Melani. Si paja sankagwirizana ndi chibwenzichi? Mwina Bang Togar, amene anakangana naye pa nkhani ya misonkho. Anawapeza awiriwo pa kamalo kodyera kaja, n'kufotokoza zonse kupatula za akaunti.

"Awiri?" Bang Togar anamenya tebulo, matambula n'kudumpha. "Galu wake uti ameneyo? Ine ndinakupatsa khumi, ndipo pakanakhala khumi ndi limodzi ndikanakupatsa! Taona, fomu ija imatumiza kope ku imelo." Anamuika foni pamphuno. Kinanti: 10.

Ci Melani anangotsegula yake n'kuiika patebulo pang'onopang'ono. Kinanti: 10.

Gulu linali la anthu anayi. Masamu ake ngakhale Danar akanawatha.

"Ndikamuthyole khosi?" anafunsa Bang Togar.

"Khala pansi iwe," anatero Ci Melani. Anakankhira tiyi wake kwa Kinanti. "Imwa, Kinan. Sindinena kuti ndinanena."

Foni inalira.

"Duwa langa, uli kuti? Ndili ndi nkhani yabwino! Tikumane pa Manggarai, pa chipilala chathu."

Anamupeza pomwepo, shati yoyera, kumwetulira komwe kuja. Anatambasula manja. Kinanti anaima patali.

"Mas, munandipatsa angati?"

Kumwetulira kunagwedezeka pang'ono. "Zija n'zachinsinsi, Dek."

"Munati kwa ine mulibe chinsinsi."

Danar anayang'ana njanji, anayang'ana nsapato zake, kenako anausa moyo ngati wolakwiridwa ndi iyeyo.

"Tamvera, mtima wanga. Ndinachitira ife. Ukanapita iwe, n'kubwera bwana wa ku Surabaya, ine ndili pomwe ndili, amayi anga akanati chiyani? Anzanga akanandiseka bwanji? Mwamuna ndiye amatsogola. Ndikabwerako ndidzakwezedwa, ndidzakukwatira, sudzafunikanso kuthamangira sitima. Si iwe umadandaula kutopa tsiku ndi tsiku?"

"Ndimatopa ndi chiyani, Mas?"

"Dek…"

"Ndimatopa ndi chiyani?"

"Usakweze mawu, anthu akutiyang'ana." Anayandikira n'kutsitsa mawu. "Ndipo usaganize zokaulula. Tichotsedwa tonse. Iwe ndiwe wanzeru, ukudziwa."

Apo m'pamene Kinanti anazindikira kuti munthuyu anawerengera zonse kalekale. Amene ankati manambala amamuzunguza mutu! Anafuna kulira, koma misozi nayo imafuna mphamvu, ndipo iye analibe. Anangomva kutopa kwa zaka ziwiri kukumutsikira m'mafupa.

Danar anayesa kuti nkhani yatha. Anamusisita phewa.

"Ndiye mwana wabwino ameneyo. Tsono pali kanthu kamodzi. A ku Singapore akufuna kalata yofotokoza za ine, ilowe kudzera mu akaunti ya sukulu pofika Lolemba m'mawa. Masamba awiri okha. Ungondiyambira, iwe umalemba bwino. Kodi m'jumbomo muli chiyani?"

"Shati ya abambo anga," anatero Kinanti.

Sitima ya ku Bekasi inafika. Analowa osacheuka, ndipo mwamwayi anapeza mpando. Anatulutsa laputopu monga mwa chizolowezi, n'kutsegula akaunti ya Danar. Zonse zinali momwemo, thukuta lake lonse pansi pa dzina la wina. Akanatha kufufuta. Akanatha kusintha pasiwedi. Sanachite zimenezo. Anangodina pamene pamati akauntiyi ituluke pa mafoni ndi makompyuta onse, n'kutseka laputopu.

Sitima isanafike pa Jatinegara, foni inanjenjemera.

"Dek, akaunti yanga yatseka yokha. Ikufuna pasiwedi."

"Wasintha?"

"Duwa langa, yankha. Usachite chibwana ndi tsogolo lathu!"

Kinanti analemba ndi chala chimodzi.

"Sindinasinthe kanthu. Ndi yomwe ija. Tsiku langa lobadwa."

Timadontho tosonyeza kuti munthu akulemba tinaoneka, tinazima. Tinaonekanso, tinazimanso. Sitima inadutsa Klender, inadutsa Buaran. Kinanti anayang'anitsitsa foniyo, ndipo tisabise, ka mtima kena kopusa kankapempherabe kuti akumbuke. Akanangokumbuka! Mwina panali chinachake choona m'zaka ziwiri zonsezi.

Uthenga unalowa.

"Ndi mu Juni, eti mtima wanga?"

Kinanti anabadwa mu Novembala.

Anazimitsa foni n'kuiponya m'jumbo, pamwamba pa shati ya batik. Lolemba adzabwerera pa desiki yomwe ija, ndipo adzawauza abwana kuti Surabaya apatse wina. Koma lero analibe choti alembere munthu aliyense. Anatsamira zenera, misozi inatsika yokha, ndipo anagona mpaka wantchito wa m'sitima anamugwedeza phewa.

"Mbak, dzukani. Tafika."