Kamphepo Apikisana ndi Ndege

Kamphepo ndi mtsikana wosakhazikika. Lero ndiye zanyanya. Amayi akubwera!

Amayi anapita kumzinda wakutali kukaphunzira ntchito. Akhalako mwezi wathunthu. Kamphepo anawalonjeza chinthu chimodzi: "Mukadzatsika ndege, munthu woyamba amene mudzamuone ndidzakhala ine."

Foni inalira. Anali Amayi.

"Ndikukwera ndege tsopano. Ndifika pakatha ola limodzi."

Kamphepo anavala nsapato msangamsanga. Koma Ababa anali akumeta ndevu.

"Ababa, tiyeni! Tiyeni!"

"Kodi zakuluma nyerere?" anaseka Ababa. "Amayi ako ali kutali, makilomita mazana asanu ndi awiri. Ife tiyenda makumi awiri okha. Kuthamanga si kufika, mwanangu."

Ababa anameta. Anapesa. Anafunafuna makiyi. Aa, Ababa amenewa!

Kenako ananyamuka. Koma pamsewu panali magalimoto ambirimbiri. Kutsogolo magalimoto. Kumbuyo magalimoto. Lole inali itafa pakati pa msewu.

"Ababa, ndege ili pati?"

"Ili pamwamba pa mitambo."

"Nanga ife?"

"Tili pa sitolo ya nsapato."

Kamphepo anagwada pampando. Anakhalanso pansi. Anasuzumira pawindo.

"Ababa, pano ndege ili pati?"

"Yadutsa theka la ulendo."

"Nanga ife?"

Ababa anakanda mutu. "Tikadali pa sitolo ya nsapato."

Munthu wa njinga anawapitirira. Agogo a ndodo anawapitiriranso. Kamphepo anakwiya.

"Kumwamba kulibe lole yakufa!" anatero. "Ndege ikutiposa!"

Ababa sanasekenso. Anayang'ana wotchi.

Vuuu! Ndege inadutsa pamwamba pawo. Inali kutsika. Matayala ake ankaoneka.

"Ndi Amayi! Afika, ine kulibe!"

Kamphepo analira. Analira zenizeni.

"Pepa, mwanangu," anatero Ababa. "Wolakwa ndine ndi ndevu zangazi." Anatenga foni. Analemba uthenga mwakachetechete.

Lole inachotsedwa. Magalimoto anayenda. Atafika pabwalo la ndege, Kamphepo anathamanga. Anathamanga osaima. Koma pakhomo lotulukira panalibe anthu. Onse anali atapita.

Ayi, si onse. Pakona panali mayi mmodzi. Anakhala pa sutikesi yake. Anali atatseka maso ndi manja.

Kamphepo anayandikira pang'onopang'ono.

"Amayi?"

"Ndani ameneyo?" anafunsa Amayi. "Ine sinditsegula maso. Ndikudikira munthu wanga woyamba."

Kamphepo anagwira zala za Amayi. Anazichotsa chimodzichimodzi.

"Ndine!"

"Eee! Kamphepo wanga!" Amayi anamukumbatira mwamphamvu. "Wakula bwanji!"

"Amayi, zoona simunaone aliyense?"

"Enawo ndangowaona nsapato. Nkhope yoyamba ndi iyi."

Kamphepo anakhala pamiyendo pa Amayi. Anangoti phee. Sanafunenso kupita kulikonse.