Tsiku Limene Utsi Unayera

Mtembo unapezeka 6 koloko m'mawa, uli chafufumimba m'dziwe la matope kuseri kwa fakitale yotentha malasha. Pankhongo panali bala. Anali woyang'anira mapampu.

Wapolisi wofufuza, mkulu amene anzake ankamutcha Kadzidzi chifukwa chosakonda kuyankhula, anayang'ana nsanja ya pamwamba pa dziwelo. Utsi umadutsa mmenemo, madzi n'kumauwaza kuti phulusa losalala ngati ufa ligwe pansi, lisakalowe m'mapapo mwa anthu. Anazika ndodo m'dziwemo. Matope anali apamwamba pokha, pansi pouma gwa.

Anayamba ndi bwana wa fakitale, amene dzulo lake anakangana ndi malemuyo. Koma mlonda wa pageti anachitira umboni kuti bwanayo anatuluka masana, osabweranso.

"Madzi mumatsegula tsiku lililonse?" Kadzidzi anamufunsa.

"Osaphonya," anatero bwanayo, maso ali kumbali.

Bodza lenilenilo. Kadzidzi nayenso ankakhala kumene utsiwo unkalowera, ndipo chifuwa chake chinkadziwa zoona.

Kadzidzi anapita kwa mkazi wa malemu, ndipo anamupeza atakhala pakhonde.

"Taonani, bambo," anatero akuloza zovala pachingwe. "Chaka chonse zimauma zili bii. Lero amuna anga afa, zauma zoyera."

Kadzidzi anacheukira kuchumuni. Utsi unali woyera. Ndiye kuti wakuphayo sanathawe msanga, anayamba watsegula madzi. Amene akanatha kudzutsa mapampu ogona chaka chonse anali anthu awiri okha: malemuyo ndi mlamu wake, makaniko wa mapaipi.

Pofika 2 koloko makanikoyo anali kupolisi. Sanavute.

"Mwana wanga woyamba tinaika chaka chatha, chifuwa. Wachiwiri ali m'chipatala, akupuma ngati mphaka. Ndinawagwadira alamu anga, ndinati tsegulani madzi. Akuti bwana analetsa, mapampu amadya magetsi, ntchito ingawathere. Sipanala inali m'manja mwangamu."

Anatambasula yekha manja kuti amumange.

"Chimodzi chokha, bwana. Madzi aja asatseke."

Kadzidzi anamva chisoni, koma sanalonjeze kanthu. Bwana wa fakitale uja analibe mlandu wakupha, ndipo anali atabwerera kale ku ofesi.

Madzulo akupita ndi makanikoyo kundende, galimoto inadutsa pafupi ndi fakitale. Utsi unali utadanso bii, ukulowera cha kuchipatala. Makanikoyo anali atawerama. Kadzidzi anauza dalaivala kuti athamangitse galimoto, munthuyo asanadzutse mutu.