Chidindo cha Mtengwa

Samani inafika Lachiwiri m'mawa, pa 21 Ogasiti 1984, makina osokera maambulera akulira m'chipinda chapansi cha nyumba ya a Kuo ku Hemei. Pa envulopu panali dzina la mtengwa wa panyumbapo, Yeh Pi-yun. Anaiwerenga ataimirira, mwana wake wa miyezi isanu, A-tsung, ali kumsana. Khoti la ku Changhua linkamufuna pa 4 Seputembala kuti akayankhe mlandu wolemba cheke cha madola 180,000 ku banki kulibe ndalama.

Pi-yun anali asanalembepo cheke chibadwire. Ankangokumbukira kuti atangokwatiwa, mwamuna wake Wen-lung anapita naye ku banki kukatsegula akaunti ya macheke m'dzina la mkaziyo, monga ankachitira amuna ambiri a timafakitale ta m'nyumba. Chidindo chake, kamtengo kotalika ngati chala kosemedwa dzina lake, chimene banki inkachikhulupirira kuposa dzanja la munthu, anachitenga apongozi ake aakazi, mayi Kuo. Zidindo zonse za banjalo zinkakhala m'kabati ya pansi pa guwa la makolo, kiyi wake ali m'chiuno mwa mayiwo.

Masana, onse atakhala pa chakudya, Pi-yun anaika samaniyo pakati pa mbale.

"Bambo a A-tsung, ichi n'chiyani?"

Wen-lung anaika pansi timitengo todyera. "Ndi cheke cha nsalu. Tinagwirizana ndi wogulitsa nsaluyo kuti akachisinthe pa 30 Juni. Wogula maambulera uja sanatilipire, ndiye chinabwezedwa. Ndimati ndikonza usanamve."

"Mwakonza?"

Mwamunayo anayang'ana mpunga wake.

"Dya, mwana wanga," anatero mayi Kuo, akumuikira nsomba m'mbale. "Sikoyamba mumsewu muno. Mkazi wa Tseng wa mabatani uja anapita kundende miyezi isanu ndi umodzi, anabwerako atanenepa. Ukangonena kuti unadinda ndiwe, nkhani yatha."

"Sindinadinde ine, amayi."

"Ndikudziwa! Koma akamangidwa mwamuna, makina amaima. Anthu asanu ndi atatu akudyera pa makina amenewa. Iweyo ukachoka chingaime n'chiyani?"

"Nanga mwana?"

"Mwana ali ndi agogo ake. Botolo analizolowera kale."

Pi-yun anatembenuka n'kuyang'ana pa shelufu. Panali zitini zisanu ndi chimodzi za mkaka wa ana. Mayi Kuo anazigula pa 2 Julayi, n'kuyamba tsiku lomwelo kunena kuti mkaka wa m'mawere a mtengwa ndi wamadzimadzi, mwana sakukhuta. Pi-yun anakhulupirira, analira kubafa masiku angapo podziona ngati mayi wolephera. Cheke chinabwezedwa pa 30 Juni. Pakati pake panangodutsa Lamlungu limodzi.

"Ndiye munkamuletsa kuyamwa kuti ine ndikapita kundende asakuvuteni?" anafunsa Pi-yun.

"Ndinkaganizira mwana."

"Inunso munkadziwa?" Anafunsa mwamuna wake. Wen-lung anadzuka, natsikira ku makina, chitseko n'kuchimenyetsa.

Lachinayi Pi-yun anapeza buku la macheke mu ofesi. Pa kachidutswa kotsala, m'zolemba za Wen-lung, panali tsiku limene chekecho chinaperekedwa kwa wogulitsa nsalu: 15 Marichi. A-tsung anabadwa pa 14 Marichi, pa opaleshoni. Pi-yun anagona m'chipatala masiku asanu ndi awiri, kenako anakhala m'chikuta mwezi wathunthu, osatsika masitepe, osasamba m'mutu, akudya nkhuku ya mafuta a chitowe imene apongozi omwewo ankamuphikira. Anang'amba kachidutswako n'kukabisa m'thewera loyera limodzi ndi kalata ya kuchipatala.

Mayi Kuo anaona buku long'ambidwalo Loweruka. Anakwera kuchipinda cha mtengwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalire anamugwadira.

"Pi-yun, ukanena kuti sunavomereze, mlandu usintha. Ukhala mlandu wa Wen-lung, wodinda chidindo cha mwini mwachinyengo. Umenewo si wa miyezi, ndi wa zaka. Ndili ndi mwana mmodzi yekha ine!"

"Inenso ndili ndi mmodzi yekha."

"Ndinakudyetsa nkhuku makumi awiri iwe! Ndani m'tauni muno anasamalidwa m'chikuta ngati iwe?"

"Ndinadya, amayi. Sindinkadziwa mtengo wake."

Mayiwo anadzuka, misozi ili mbwembwembwe, nkhope itauma. "Ukatsegula pakamwa kukhotiko, usadzapondenso pano. Dzina lako silidzalembedwa pa guwa la a Kuo. Ukadzafa palibe adzakuyatsire lubani."

Pa 4 Seputembala Pi-yun analowa m'khoti mwana ali kumsana. Wen-lung anamugwira mkono pakhonde.

"Mayi a A-tsung, chonde. Ndizidzabwera naye Lamlungu lililonse kuti uzimuona."

"Ndibwera naye ine," anayankha.

Woweruza atamufunsa ngati chidindocho chinali chake, anati inde. Atamufunsa ngati anadinda yekha, anamasula thewera lija n'kupereka mapepala awiri. Woweruza anayerekeza masikuwo, kenako anafunsa amene ankasunga chidindo. Pi-yun anacheuka. Mayi Kuo anali pa benchi yachitatu, dzanja lili m'chiuno pamene panali kiyi.

Asanayankhe, Wen-lung anaimirira. "Ndinadinda ndine. Kiyi ndinaba amayi atapita kuchipatala kukaona mwana."

Pi-yun ankadziwa kuti mayi Kuo sanapondeko kuchipatala mpaka pa 17 Marichi, koma palibe anamufunsa zimenezo.

Mlandu wa Pi-yun unathetsedwa. Wen-lung anagamulidwa pa 20 Novembala kuti akakhale m'ndende chaka ndi miyezi iwiri. Makina anagulitsidwa Khirisimasi isanafike, ndipo mayi Kuo anatsala okha m'nyumba ya zipinda zosanja, pansi pali zii.

Pi-yun anali atabwerera kale kwa makolo ake ku Lukang, madzulo a pa 4 Seputembala pomwepo. Anatenga zovala zake ndi za mwana. Zitini zija anazisiya pa shelufu, zinayi zisanatsegulidwe. Mkaka wa m'mawere mwake unali utachepa, koma patatha milungu iwiri unabwerera.

Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse ankakwera basi kupita kundende, n'kumukweza A-tsung pa galasi kuti bambo ake amuone. Ankakhala mphindi khumi zololedwazo, osawonjezera, osachepetsa. Pakhosi pake, pa chingwe chofiira, pankalendewera chidindo chatsopano chimene anakasemetsa yekha, ndipo mwanayo ankakonda kuchiluma mano akamamera.